Chikuku cha khanda ndi mkulu wake: chiti chingapirire misewu ya Lusaka?

Khanda likabadwa mkulu wake asanakwanitse zaka 3, msana umodzi sukwanira. Wamkuluyo amayenda ndithu, koma ulendo wake ndi waufupi: kuchoka pageti kukafika pa kantemba, kenako wakweza manja kuti anyamulidwe. Apa m'pamene makolo ambiri mu Lusaka amayamba kufunsa za chikuku cha ana awiri, ndipo ambiri amasankha poona kukongola kwa nsalu ndi kukula kwa denga lake. Pakatha miyezi iwiri chikukucho chili pakhonde, anaunjikapo zovala. Nthawi zambiri chikukucho sichikhala choipa ayi, kungoti anachipangira misewu ya kwina.

Tinene maganizo athu pachiyambi pomwe. Banja loyenda pansi, lodutsa m'misewu yadothi ndi m'mbali mwa tala wokumbika ku Chelstone, Kaunda Square, Matero kapena Chilenje, likufunika chikuku cha mipando yoyandikana, wina uku wina uku, chokhala ndi matayala akuluakulu a mphira. Pa zamtundu umenewu, Out'n'About Nipper Double ndi Mountain Buggy Duet ndizo zili patsogolo. Banja lomwe chikuku chake chimakhala m'buti n'kumatsitsidwa ku East Park, ku Manda Hill kapena kutchalitchi, Joie Evalite Duo ilikwanira, ndipo siboola thumba. UPPAbaby Vista ndi Bugaboo Donkey n'zopangidwa mwaluso, koma chilichonse chili ndi vuto lake limene wogulitsa sangayambe kukuuzani.

Choyamba ndi khanda

Mwana wosafika miyezi 6 ayenera kugona chagada, msana uli wowongoka. Mutu wake ndi wolemera ndipo khosi silinalimbe, choncho akakhala motsamira chibwano chimagwera pachifuwa, njira ya mpweya n'kupanikizika. Choopsa n'chakuti mwana wotere salira, amangooneka ngati wagona tulo tabwino. Chikuku chilichonse chimene khanda silingagonemo mowongoka chichotseni pamndandanda, ngakhale chikongole bwanji.

Zikuku zimasamala khanda m'njira zitatu. Zina mpando wake umagonekeka mpaka pansi. Zina zili ndi kabedi kochotseka komwe mumamangirira pa felemu. Zina zimalandira mpando wa m'galimoto wa khanda. Njira yachitatuyi ndi ya maulendo afupiafupi basi, chifukwa mumpando wa m'galimoto mwana amakhala wopindika, ndipo malangizo odziwika ndi oti asapitirire maola 2 ali mmenemo. Wobadwa masiku asanakwane, nthawiyo ichepe kuposa apa.

Pali msampha umene ambiri amagweramo. Mipando ya Vista, ya Donkey ndi ya Baby Jogger City Select ndi youmbidwa kale: pokhalira ndi potsamira n'zogwirana, moti mukaugoneka umapendekeka wonse, miyendo ya mwana n'kuloza m'mwamba. Pachithunzi umaoneka ngati wagona, koma msana ndi chiuno zimakhala zopindika. Zikuku zimenezi zimafuna kabedi kapena kamatiresi kapadera ka khanda. Mukapeza chakale pa Facebook chopanda kabediko, dziwani kuti mwagula theka la katundu.

Musitolo yesani chonchi: gonekani mpando mpaka pothera, ikani botolo la madzi chopingasa pamene pagone mutu. Likagubuduka mothamanga kupita kumapazi, mpandowo ndi wotsetsereka kwambiri kwa khanda. Werenganinso kachikwangwani ka pampando uliwonse pawokha, popeza pa zikuku zambiri za mipando yotsogozana, wakumbuyo wokha ndiwo wololedwa kuyambira tsiku lobadwa, wakutsogolo ndi wa miyezi 6 kupita m'tsogolo.

Wamkulu naye ali ndi malire ake. Tsegulani khadi la kusikelo muone kulemera kwake lero. Pa matchati a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mwana wa zaka 2 amalemera pafupifupi makilogalamu 12, wa zaka 3 pafupifupi 14, wa zaka 4 pafupifupi 16. Zikuku zopepuka zambiri zimalekeza pa makilogalamu 15 pampando uliwonse, zolimba zimafika 22. Manambala awiriwa amachokera ku muyezo wa ku Ulaya wa EN 1888, ndipo mudzaupeza utalembedwa pa felemu. Mwana wa zaka 2 ndi theka amene ali kale pa 14, mpando wa 15 aukhalira miyezi yowerengeka.

Otsogozana kapena oyandikana

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi nkhani ya misewu yathu. Chikuku sichikwera chokha pa chitunda chilichonse. Pofuna kukwera m'mphepete mwa msewu, pa silabu yowolokera ngalande kapena pa njanji ya geti, mumakanikiza chogwirira pansi kuti mawilo akutsogolo anyamuke. Pa chikuku cha mipando yotsogozana, khanda limakhala kumbuyo pafupi nanu, wamkulu wolemerayo ali kutsogolo, kutali ndi mawilo akumbuyo omwe chikuku chimapendekekerapo. Kumunyamula kuchokera pa chogwirira kumafuna mphamvu ya thupi lonse, ena mpaka amachita kupondera ndi phazi pa chitsulo chakumbuyo. Ku London, komwe pa mphambano iliyonse anatsitsa m'mphepete mwa msewu, zimenezi sizivuta. Kuno ulendo wa mphindi 15 wopita kukiliniki uli ndi ngalande zingapo, tala wodyeka m'mbali, miyala ndi mizu ya mitengo. Mayi amene wachira kumene, makamaka wa opaleshoni, sayenera kumalimbana ndi zimenezo.

Pa chikuku cha mipando yoyandikana ana onse awiri amakhala pafupifupi pamwamba pa mawilo akumbuyo, choncho kukanikiza pang'ono chabe kutsogolo kwanyamuka. Chimakhotanso pamalo ochepa chifukwa n'chachifupi. Ana amaona kunja mofanana, ndipo palibe wokhala pansi pa mnzake kumene kumafika fumbi lonse la August ndi September.

Zovuta zake zilipo ziwiri. Choyamba ndi kutambalala, tikambirana pansipa. Chachiwiri, chimakokera mbali ya mwana wolemera. Mbali imodzi makilogalamu 13, mbali ina 4, pamsewu womwe unapendekera kale kungalande: dzanja limodzi limatopa msanga. Mankhwala ake ndi kukankhira chikwama cha matewera kumbali ya khanda m'basiketi yapansi, ndi kukhazika wamkulu kumbali yokwera ya msewu ngati njira yanu ndi imodzimodzi tsiku lililonse. Onaninso mpweya, chifukwa tayala limodzi likaphwa pang'ono chikuku chimakokera komweko.

Out'n'About Nipper Double

Ichi ndi cha ku Britain, cha mawilo atatu, limodzi kutsogolo awiri kumbuyo, onse a mainchesi 12 opopa mpweya. Chimatambalala pafupifupi masentimita 72, chimalemera pafupifupi makilogalamu 13, ndipo mpando uliwonse umanyamula 22. Mipando yonse iwiri imagonekeka payokhapayokha mpaka pansi. Pa zikuku zonse zotchulidwa pano, ichi ndicho chimayenda bwino kwambiri pa dothi, pa miyala ndi pamchenga, ndipo chifukwa chake ndi chapafupi: wilo lalikulu limakwera mwala womwe wilo laling'ono limangougunda n'kuima. Wilo lakutsogolo limazungulira, koma lili ndi loko. Pamsewu wa mabampu likhomeni kuti liloze kutsogolo kokha, apo ayi limagwedezeka n'kumatembenuka chopingasa m'maenje.

Chimene chimatisangalatsa kwambiri pa Nipper si kukoma kwa kayendedwe, koma nambala ya tayala. Tayala la 12½ x 2¼ ndi lomwe lija la tinjinga ta ana, kutanthauza kuti chubu ndi tayala mungazipeze kwa ogulitsa zipangizo za njinga mutauni, ndipo wokonza njinga aliyense akhoza kumata chigamba. Chikuku chomwe chingakonzedwe pansi pa mtengo n'chamtengo wapatali kuposa chomwe wilo lake muyenera kuitanitsa kunja.

Zolakwika zake: chikapindidwa chimakhalabe chachikulu ndi chachitali, moti m'buti ya galimoto yaing'ono muyenera kuyamba mwazula mawilo akumbuyo. Amazuka ndi batani, koma m'dzinja amakhala amatope. Ana onse amayang'ana kutsogolo, ndiye khanda mumalionera pa kawindo ka padenga. Malo oika katundu pansi ndi ochepa. Ndiponso wilo limodzi kutsogolo limafuna kusamala pokwera silabu mopingasa, chifukwa chikhoza kupendekera mbali ya wamkulu. Lowani molunjika.

Mountain Buggy Duet

Cha ku New Zealand, ndipo mbiri yake yonse yagona pa nambala imodzi: masentimita 63. Kutambalala kumeneku n'kofanana ndi kwa zikuku zambiri za mwana mmodzi, choncho chimalowa pakhomo lililonse la nyumba, m'chikepe ndi pakati pa mashelefu musitolo. Chili ndi mawilo anayi a mainchesi 10, chimalemera pafupifupi makilogalamu 15, mpando uliwonse umanyamula 18, ndipo yonse imagona mpaka pansi. Mukhoza kuchotsa nsalu ya mpando umodzi n'kuikapo kabedi kapena mpando wa m'galimoto, khanda n'kumayang'ana kwa inu, mkulu wake akuyang'ana kutsogolo.

Kuchepa kwa chikukucho kunalipiridwa ndi mipando. Uliwonse sufika masentimita 30 m'lifupi. Mwana wa zaka 2 amakwana bwino, koma wa zaka 3 wathupi, atavala juzi ya mu June, mapewa amagunda zitsulo. Ngati wamkulu wanu ali kale pafupi ndi zaka 3, mukhazikeni kaye musanalipire. Chinanso, machubu a mainchesi 10 sapezeka mwachisawawa ngati a 12. Pogula, gulirani limodzi machubu awiri osungira, a valavu yokhota, chifukwa pa wilo laling'ono valavu yowongoka pampu siilowa bwino.

Wina angafunse za Baby Jogger City Mini GT2 Double. Ndi chabwino, matayala ake ndi a mphira wodzaza mkati osaphulika, mpando uliwonse umanyamula makilogalamu 22, ndipo chimapindika pongokoka zingwe ziwiri za pamipando. Koma chimatambalala pafupifupi masentimita 75 ndipo chimaposa makilogalamu 16. Amene khomo lake ndi lalikulu ndipo sakufuna kumva za minga, achitenge.

Joie Evalite Duo

Ichi ndi cha mipando yotsogozana, ndipo zonse tanena za kuvuta kokwera zitunda zimachikhudza. Tachiika pano chifukwa chimachita bwino ntchito ina. Chimalemera makilogalamu 10 ndi pang'ono, n'chopapatiza kuposa Duet, chimapindika ndi dzanja limodzi n'kuima chokha. Mpando wakumbuyo umagona mpaka pansi ndipo ndi wa khanda, wakutsogolo umatsamira pang'ono chabe. Uliwonse umalekeza pa makilogalamu 15. Mayi yekha angachikweze m'buti popanda kuitana munthu, zomwe sitinganene za zinzake.

Mawilo ake ndi aang'ono, olimba, opanda mpweya. Pa matailosi a ku Levy kapena pa simenti ya pabwalo la tchalitchi chimayenda ngati palibe kanthu. Pamsewu wa miyala chimanjenjemera mpaka m'mano, ndipo mumchenga chimazika mphuno. Mpando wakutsogolo suyenera mwana wofuna kugona nthawi yaitali, ndipo wamkulu wamtali miyendo imalendewera pafupi ndi mawilo. Tichione ngati chikuku cha chaka chimodzi kapena chimodzi ndi theka, cha banja la galimoto. Pa ntchito imeneyo ndalama yake siipita pachabe. Kuchitenga kuti muziyenda nacho ku Kanyama mu January ndi kutaya ndalama.

Zikuku zambiri zopanda dzina lodziwika zomwe zimagulitsidwa m'masitolo a ku Kamwala ndi pa intaneti zinatengera kapangidwe komweka. Pa zimenezo yang'anani zinthu ziwiri: ngati pali chizindikiro cha EN 1888 kapena cha muyezo wa ku America wa ASTM F833, ndi ngati mfundo yopindirapo ili ndi loko wachiwiri. Felemu yaitali yokhala ndi mfundo imodzi yapulasitiki pakati ndiyo imayamba kuwerama.

Zodula ziwiri zija

UPPAbaby Vista imayamba ngati chikuku cha mwana mmodzi, kenako mumawonjezera mpando wachiwiri wotchedwa RumbleSeat. Basiketi yake ndi yaikulu, imanyamula makilogalamu opitirira 13, ndipo kabedi kake ndi kabwino kwambiri. Vuto lili pa kakhalidwe ka ana. Mpando waukulu, wonyamula makilogalamu 22, umakhala pamwamba pokha. RumbleSeat imakhala pansi kutsogolo, ndipo pa Vista V2 malire ake ndi pafupifupi 16. Mukafuna khanda likhale pamwamba pafupi ndi maso anu, wamkulu amapita pampando waung'onowo, kutsogolo kwenikweni, komwe amalemeretsa mawilo. Mukafuna wamkulu akhale pampando wake, khanda limatsikira pansi kutali nanu, kufumbi. Palibe njira yokoma pa ziwirizi. Ndi chikuku chabwino cha mwana mmodzi chomwe chimalolera wachiwiri monyinyirika.

Bugaboo Donkey anaiganizira bwino kuposa Vista pa nkhani ya ana opondana. Felemu yake imatambasuka kuchoka pa masentimita 60 kufika pa 74, kabedi mbali imodzi, mpando mbali ina, ndipo wamkulu akadzakula mumaibwezanso kukhala ya mwana mmodzi. Imakankhika mopepuka ngakhale pa dothi. Koma yatsopano ya ana awiri imaposa mapaundi 1,000 ku Britain, ndipo kuti ilowe m'galimoto muyenera kuchotsa mpando, kuchotsa kabedi, kenako kupinda felemu. Zidutswa zitatuzo zimadzaza buti ya Allion. Ngati mumatuluka ndi galimoto kawiri patsiku, mudzaida pasanathe mwezi.

Tepi muyezo musanapite kusitolo

Zitseko zambiri za nyumba zathu ndi za masentimita 81, koma mpata weniweni wodutsa ndi wocheperapo, chifukwa chitseko chikatseguka makulidwe ake ndi mlomo wa felemu zimadya masentimita angapo. Pomwe pali chitseko chachitsulo chotchinga akuba, mpata umachepanso. Yezani pomwe pachepetsetsa, chitseko chili chotsegula. Mukapeza 76, Nipper idutsa, City Mini ikhula m'mbali. Mukapeza 70, chatsala ndi Duet kapena chotsogozana. Yezaninso kageti ka anthu oyenda pansi, kamene nthawi zambiri owotcherera amakapanga kopapatiza, ndipo pansi pake pamakhala chitsulo chopingasa. Chikuku chosalowa pakhomo chimatanthauza kudzutsa ana awiri ogona nthawi iliyonse mukafika kunyumba.

Buti iyezeni m'lifupi pakati pa zitunda za matayala, osati pakhomo pake. Mu Vitz, IST kapena March, chikuku cha mipando yoyandikana sichilowa popanda kugwetsa mpando wakumbuyo, ndipo mpando wakumbuyowo ndi pomwe pali mipando ya ana. Mu Noah kapena Spacio mulibe vuto. Wogulitsa wabwino amalola kukayesa m'galimoto musanalipire, ndipo wokana musamukhulupirire. Oyenda pa Yango akumbukire kuti sasankha galimoto yobwera, ndipo zambiri ndi zazing'ono. Za minibasi tisataye nthawi: palibe chikuku cha ana awiri chomwe kondakitala wa Hiace angachilandire mwamtendere.

Amene amakhala m'mafulati a pamwamba opanda chikepe aganizire kulemera kuposa china chilichonse. Makilogalamu 15 pa masitepe, khanda lili kumsana, wamkulu akukoka siketi, si masewera.

Matayala, fumbi ndi tsitsi

Tayala lopopa limafuna pampu ya pamanja ndi kuliyang'ana sabata iliyonse. Mpweya woyenera unalembedwa m'kabuku ka malangizo a chikukucho, ndipo ndi wochepa kuposa wa njinga ya munthu wamkulu. Musapite nalo pa kompuresa ya pa filing'i siteshoni. Chubu chaching'ono chimadzaza m'kanthawi kochepa, ndipo rimu yapulasitiki ikhoza kung'aluka. Musalisiyenso padzuwa kapena m'galimoto yotsekedwa mu October, chifukwa mpweya ukatentha umafufuma. Za minga, thirani m'chubu mankhwala amadzi otseka mabowo omwe okwera njinga amagwiritsa ntchito. Chigamba chikamatidwa, wokonzayo ayendetse chala mkati mwa tayala lonse, popeza munga wotsalira umaboolanso tsiku lomwelo.

Chimene chimapha mawilo kuno si mtunda ayi, ndi fumbi losakanikirana ndi mafuta. Anthu akamva wilo likulira amathira girisi kapena oyilo wa galimoto, fumbi n'kumamatira, n'kusanduka phala lokhakhala lomwe limadya chitsulo ndi pulasitiki yomwe. Zulani wilo, pukutani chitsulo ndi kansalu kouma, kenako thirani silikoni wopopera pang'ono. Muzichita zimenezi mwezi uliwonse m'chilimwe, ndiponso nthawi iliyonse mwadutsa m'matope. Mukazula mudzapeza chinthu china: tsitsi loluka la mesh ndi ulusi wa matumba zitakulungana pa chitsulo. Misewu yathu yadzaza zimenezi, ndipo zimamanga wilo mpaka kuima. Dulani ndi lezala.

Mabuleki a zikuku zambiri ndi kachitsulo kolowa m'mano a wilo lakumbuyo. Matope akauma m'manomo, buleki imamveka ngati yagwira pamene siinalowe. Mukaponda buleki, kankhani chikuku pang'ono musanachisiye, makamaka pafupi ndi ngalande kapena msewu. Nsalu ikanyowa ndi mvula, iumitseni chikuku chili chotambasula. Chopindidwa chonyowa chimachita nkhungu m'masiku ochepa, ndipo madontho akudawo sachoka.

Basiketi zambiri za zikuku zopepuka zimalekeza pa makilogalamu 5 kapena kucheperapo. Thumba la ufa la makilogalamu 10 limang'amba nsalu ndi kukhula pansi. Chikwama cholemera pa chogwirira n'choopsa kwambiri: wamkulu akangotsika, kutsogolo kumapepuka, chikuku n'kugwa chagada khanda lili momwemo. Lamulo ndi lakuti wamkulu aziyamba kukwera ndipo azimaliza kutsika ngati pa chogwirira pali kanthu, koma chanzeru n'kusakolekapo kalikonse. Malamba akhale a nsonga zisanu, awiri pamapewa, awiri m'chiuno, mmodzi pakati pa miyendo, ndipo khanda limangidwe ngakhale lili m'tulo.

Chizolowezi chimodzi chiyenera kutha, chophimba chikuku chonse ndi chitenje kapena bulangeti pofuna kutchinga dzuwa. Nsaluyo imatseka mpweya, mkati mumatentha kuposa kunja, ndipo simumuonanso mwanayo. Mu October, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30, zimenezi zikhoza kudwalitsa khanda. Gwiritsani ntchito denga la chikukucho, siyani m'mbali motsegula, ndipo madzulo muike neti ya udzudzu yosokedwa mwa saizi yake. Pepala la pulasitiki lotchinga mvula nalonso lichotsedwe mvula ikangokata.

Kugula chakale, kuitanitsa kunja

Zikuku zabwino zambiri mu Lusaka zimapezeka kwa mabanja omwe ana awo akula, kwa alendo obwerera kwawo, ndi m'katundu wa salaula. Kugula chakale si vuto, chifukwa chikuku cha ana awiri chimagwira ntchito nthawi yochepa ndipo chambiri chimagulitsidwa chikadali cholimba. Koma musatumize ndalama pafoni musanachigwire ndi manja. Chipindeni ndi kuchitambasula kangapo, mumve loko akulira mbali zonse ziwiri. Gwirani chogwirira muchigwedeze uku ndi uku: kugwedera pang'ono n'kwachibadwa, koma ngati mfundo zikusewera, mabowo a misomali anakula ndipo sizikonzeka. Chikankheni chopanda kanthu pa simenti yosalala n'kuchisiya. Chikakhotera mbali imodzi matayala onse ali ndi mpweya wofanana, felemu inapindika. Yang'anani ming'alu yoyera pa pulasitiki ya m'mfundo, chizindikiro chakuti dzuwa linaiwotcha. Tsekani ndi kutsegula chomangira malamba chilichonse. Nsalu yothimbirira imachapika, koma chomangira chothyoka n'chovuta kuchipeza.

Pa felemu, kawirikawiri pafupi ndi wilo lakumbuyo, pali kapepala ka dzina la chikuku ndi tsiku lomwe chinapangidwa. Lembani dzinalo pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti recall, chifukwa zikuku zina zomwe zinaitanidwa kuti zikakonzedwe kwawo zimathera kuno zisanakonzedwe. Mu 2009 kampani ya Maclaren inaitanitsa zikuku pafupifupi 1 miliyoni ku America chifukwa mfundo yopindira inkadula nsonga za zala za ana, ndipo mu 2014 Graco inachita chimodzimodzi ndi zikuku pafupifupi 5 miliyoni pa vuto lomwelo. Mu 2021 UPPAbaby inaitanitsa zolumikizira za RumbleSeat zomwe zinkatha kumasuka. Mu 2022 kampani ya Mockingbird inaitanitsa chikuku chake cha Single-to-Double chifukwa felemu yapansi inkang'aluka. Mu 2023 bungwe la CPSC, loona za chitetezo cha katundu ku America, linachenjeza za denga lakutsogolo la Baby Trend Sit N' Stand, lomwe linkatha kupana khosi la mwana. Kapepalako kakakhala kofufutidwa kapena kochotsedwa, chisiyeni.

Oitanitsa chatsopano kunja awerengere kaye za kanyamulidwe. Makampani ambiri otumiza katundu pa ndege salipiritsa kulemera kwenikweni kokha, amayezanso kukula kwa katoni: utali, m'lifupi ndi msinkhu mu masentimita, kuchulukitsa, kenako kugawa ndi 5,000. Katoni ya 90 x 75 x 40 imatuluka makilogalamu 54, ngakhale chikuku chili mkatimo chikulemera 14. Pamwamba pake pali msonkho wa ZRA ndi VAT ya 16 peresenti. N'chifukwa chake ambiri amadutsira ku Johannesburg n'kutumiza pa basi yofikira ku Intercity, kapena amapempha wachibale wobwera pa ndege. Pa basi, katoniyo ikulungidwe bwino ndipo mawilo azulidwe, chifukwa pansi pa basi katundu amapanikizana.

Pali mabanja ena omwe sitingawalangize kugula n'komwe. Ngati ana asiyana zaka 3 kapena kuposa, ndipo muli kale ndi chikuku cholimba cha mwana mmodzi, miyezi yoyambirira khanda likhale kumsana kapena pachifuwa, wamkulu m'chikuku. Khanda likafika miyezi 6 asinthane: wamng'ono alowe m'chikuku, wamkulu aime pa kathabwa ka mawilo komangirira kumbuyo, komwe kamanyamula mpaka makilogalamu 20. Kathabwako kali ndi timawilo tating'ono, choncho pa dothi lokumbika kamagwedeza mwana ndipo kamakugundani m'miyendo poyenda. Pa tala ndi m'masitolo kamagwira ntchito bwino. Koma ngati ana asiyana zaka zosakwana 2 ndi theka, wamkulu akadagonabe masana, kapena mayi anachira ndi opaleshoni ndipo sayenera kunyamula zolemera masabata 6 oyambirira, kathabwa sikathandiza, popeza mwana wosinza sangaime.